Larry Doby, wachiwiri amene ambiri amamuiwala

Mmodzi mwa owerenga wanditumizira imelo yofunsa kuti, popeza tonse timamva za Jackie Robinson, amene anatsegulira akuda njira yolowera mu ligi zikuluzikulu, wosewera wakuda amene anamutsatira mu baseball ya ku America anali ndani, ndipo ngati iyeyo anapeza njira italambulidwa kale. Zikomo bambo chifukwa cha funsoli. Munthuyo anali Larry Doby, ndipo njirayo anaipeza idakali ndi minga.

Doby anabadwira ku Camden, South Carolina, mu 1923. Anayamba kusewerera Newark Eagles, timu ya mu ligi ya anthu akuda okhaokha, mu 1942, ndipo atabwerako kunkhondo, komwe anali msilikali wapamadzi, anathandiza timuyo kutenga chikho mu 1946. Pa 5 Julaye 1947, patangopita masabata 11 Robinson atayamba kusewerera Brooklyn Dodgers, Bill Veeck, mwini wa Cleveland Indians, anamulowetsa m'bwalo monga wakuda woyamba mu American League, imodzi mwa ligi ziwiri zikuluzikulu za baseball ku America.

Apa ndi pamene pagona nkhani. Robinson anamukonzekeretsa kwa chaka chathunthu mu timu yaing'ono ya Dodgers ku Montreal, pomwe Doby anangomuzula ku Newark n'kumuika pakati pa azungu mpikisano uli mkati, ndipo anzake ena anakana ngakhale kumugwira chanza. Chaka chimenecho anamenya bwino mpira kasanu kokha pa mipata 32. Malo amene anazolowera, a second base, chapakati pa bwalo, anali kale ndi mwini wake, Joe Gordon, choncho anamuuza kuti aphunzire kusewera ku outfield, kumene munthu amaima kutali n'kumathamangira mipira youluka. Kwa ine, kuphunzira ntchito yachilendo anthu akukutukwana, usiku n'kukagona kwina chifukwa hotela ya anzako yakukana, n'kumene kumaonetsa msinkhu wa munthuyu kuposa ziwerengero zilizonse.

Mu 1948 Cleveland inatenga World Series, mpikisano wa akatswiri a ligi ziwiri zikuluzikuluzo, ndipo home run ya Doby (kumenya mpira mpaka kutuluka m'bwalo n'kupeza chigoli) inawapambanitsa masewero achinayi 2-1 polimbana ndi Boston Braves. Chithunzi chake akukumbatirana ndi Steve Gromek, mzungu woponya mpira, chinafala m'manyuzipepala. Mu 1952 ndi 1954 anaposa onse mu ligi yake ndi ma home run 32.

Mu 1978 anakhalanso wachiwiri, ulendo uno monga mphunzitsi wamkulu wakuda, ku Chicago White Sox, potsatira Frank Robinson. Hall of Fame, nyumba yolemekezera akatswiri a baseball, inamulandira mu 1998, patadutsa zaka 36 Jackie Robinson atalowamo, ndipo anamwalira mu 2003.