Zipolopolo za m'bokosi la munthu wina musalandire

Achimwene, imani kaye, ndalamayo musatumize. Mwalemba muno kuti mukufuna kugula kwa munthu wina mfuti yakale yophera agwape, ya kaliba (kukula kwa chipolopolo) ya .243. Mfutiyo mwina ndi yabwino, sindinaione. Koma mabokosi a zipolopolo amene akuti akuwonjezerani mwaulerewo muwasiyire mwini wake, makamaka poti mwanena kuti malo amene mwaloledwa ku Perthshire, ku Scotland, kuli agwape akuluakulu a red, osati ang'onoang'ono a roe okha. Ndawerenga uthenga wanu mtima ukuthamanga, chifukwa ine anandichita zomwezo.

Anali bambo wachikulire, woyankhula mofatsa, tinadziwana kumalo oyeserera mfuti. Ndinamuuza ndi pakamwa pangapa kuti ndikufuna mfuti yophera ma hind, agwape aakazi a red, kumapiri. Anati iyi ndiye yeniyeni, yamuphera nyama zosawerengeka. Mapepala tinachita bwinobwino, analemba pa setifiketi yanga, tonse tinadziwitsa apolisi masiku 7 asanathe monga lamulo likunenera. Kenako anatulutsa mabokosi, pamwamba palembedwa 100 grain (muyeso wa kulemera kwa chipolopolo), akuti tenga mwana wanga, ine sindizifunanso. Nthawi imeneyo lamulo la ku Scotland linkafuna kuti chipolopolo chophera red chisachepere 100 grain, ndiye nditaona nambalayo mtima unakhala pansi. Ndinakayesa pa pepala pa mamita 100, zinkagwa pamodzi mokongola. Ngakhale stalker, katswiri wosaka agwape wa pa estate (malo aakulu a mwini wake) imene ndinkathandizako, anayang'ana bokosi, kuyang'ana pepala, n'kugwedeza mutu kuti zili bwino.

Unali mwezi wa Novembala. Amene muli kumpoto kuno mukudziwa kuti 4 koloko ikamakwana mdima wayamba kale. Tinakwawa m'tchire la heather lonyowa, madzi akulowa m'zigongono ndi m'mawondo, mphepo ikutiwomba kumaso monga zimafunikira. Gulu linali kudya m'munsi mwa chitunda. Stalker anandisankhira hind wokalamba, wopanda mwana, ataima chopingasa pa mamita ngati 120. Ndinagoneka mfuti pa chikwama, mpweya n'kuugwira, mtanda wa telesikopu uli pamwamba pa mwendo wakutsogolo, pomwe anandiphunzitsa. Ndinawomba. Phokoso limene linabwerera silinali lija logonthera la chipolopolo cholowa m'chifuwa. Linali louma, lakuti phwa, ndipo ndinaona ubweya ukuuluka. Nyamayo inagwa chammbali, n'kudzukanso, mwendo ukulendewera ukungozungulira wokha, n'kuthamanga ndi miyendo itatu kutsatira anzake. Stalker anali atakweza kale .270 yake koma hind uja analowa pakati pa gulu, sakanatha kuwomba osavulaza ina. Gulu lonse linapotera kuseri kwa chitunda.

Pamalo pomwe anaima tinapeza ubweya wambiri, tizidutswa ta fupa toyera, ndi timagazi tochepa. Magazi a thovu ofiira owala, aja osonyeza kuti mapapo aboola, panalibe ngakhale dontho. Stalker anatola kafupa kamodzi, n'kukayang'ana nthawi yaitali osayankhula. Munthu ameneyo amakonda kucheza, koma madzulo amenewo sanatukwane, sanandikalipire, anangoti tikatenge galu. Pobwera ndi galu mvula inali itayamba, ya chipale chosungunuka, ikutsuka timagazi tomwe tija. Tinayenda ndi matochi, kugwa m'maenje a peat (dothi lakuda lachithaphwi) mpaka m'ntchafu, galu akupeza fungo n'kulitayanso pamene gulu linawolokera kamtsinje. Zala zinauma moti sindinkatha kutsegula zipi ya jekete. Pamapeto pake stalker anati tibwerere, tikapitiriza tingoithamangitsira kutali, tiisiye igone.

Usiku umenewo sindinaone tulo. Ndinakhala m'khitchini la bothy, kanyumba kogonamo kuphiri, nsapato zili kumapazi, ndikumva mvula padenga, ndikudziwa kuti penapake paphiripo pali nyama imene ikupuma ndi phewa lophwanyika.

Tinaipeza kutacha. Inali itagona m'mphepete mwa kamtsinje komwe kaja, kumunsi, theka la thupi lili m'madzi, ili moyo. Itationa inayesa kudzuka, miyendo yakumbuyo ikupalasa miyala, mutu uli chilili, ikutiyang'ana. Akhwangwala anali atafika kale, atakhala pamwala akudikira. Stalker anaimaliza ndi chipolopolo chimodzi. Titaitembenuza, paphewa panali bala lotambalala ngati mbale ya ndiwo, mnofu utanyenyeka, fupa litasweka, koma titaitumbula nthiti zinali zosaboola, mtima ndi mapapo zili bwinobwino. Chipolopolo chinaphulikira pakhungu ndi pafupa. Nyama yonseyo sinapite kwa ogula, inatayidwa. Inavutika usiku wonse popanda ngakhale munthu mmodzi kudyako.

Tsiku lomwelo stalker anatenga chimodzi mwa zotsala m'bokosi, anazula mutu wake n'kuuika pa sikelo. 58 grain. Anali mitu yophera nkhandwe, yachikopa chopyapyala, yopangidwa dala kuti iziphulika ikangokhudza nyama yaing'ono. Bambo uja ankadzipangira yekha zipolopolo kunyumba n'kumaziika m'mabokosi akale a kusitolo. Ndiye ndinawombera red ndi chinthu chimene ngakhale lamulo silinkalola, ndikuganiza kuti ndili ndi 100 grain.

Nditamuimbira bambo uja anati iye ankaganiza kuti ndikufuna za nkhandwe. Bodza lamkunkhuniza! Ndinamuuza za ma hind, iye mwini anandifotokozera mmene ankakokera nyama kutsika nazo phiri. Kenako anati munthu wodziwa mfuti akanaona yekha kuti mituyo ndi yaifupi. Ndiye iwe amene wagwira mfuti zaka makumi, ukupatsa munthu wongoyamba kumene, bokosi likunena china m'kati muli china, ukuti wolakwa ndi wolandirayo? Sanapepese. Sanafunse n'komwe za nyamayo. Ndinaimbanso, foni sinkalowanso. Mpaka lero ndikamuganizira ndimamva kutentha m'khosi. Akanakhala kuti anandibera ndalama basi ndikanaiwala kalekale. Koma anandisiya ndivulaze nyama, anaika setifiketi yanga pangozi, anandichititsa manyazi pamaso pa munthu amene anandikhulupirira n'kunditenga kuphiri, ine mlendo m'dziko la eni, pomwe mwayi wotere sumabwera kawiri. Ndipo gunsmith, wokonza mfuti, atayang'ana mumpope ndi kagalasi kake anapeza kuti pakhosi pa mpope panali patapsa kale. .243 imadya mpope msanga kuposa .308, chifukwa wonga wochuluka umapanikizika kutulukira pakabowo kakang'ono. Zimenezonso sanandiuze.

Tsopano pa kaliba. Ine ndikuti tengani .308 Winchester, nkhani ithe. Ndi imene ndili nayo. Chigoba chake n'chimodzimodzi ndi cha .243, popeza .243 inatuluka mu 1955 pochepetsa khosi la .308 imene inatuluka mu 1952, koma .308 imanyamula mutu wa 150 grain pa liwiro la pafupifupi mafiti 2,800 pa sekondi. Ikagunda phewa la red imaswa n'kupitirira, kawirikawiri n'kutulukira mbali inayo, ndipo bowo lotulukira ndi limene limakusiyirani magazi oti mutsatire. Zipolopolo zake mumazipeza mu shopu iliyonse ya mfuti. Mukaika moderator, chochepetsa phokoso la mfuti, kukankha kwake paphewa sikuvuta. Anthu amaopa kuti iwononga roe, kanyama ka makilogalamu 25, koma mutu wolemera woyenda pang'onopang'ono nthawi zambiri umawononga mnofu wochepa kuposa wopepuka wothamanga kwambiri. Ndadyapo roe wophedwa ndi .308, mapewa onse awiri analowa mumphika.

Malamulo muwadziwe nokha, musamve kwa wogulitsa. Ku Scotland, pa roe chipolopolo chisachepere 50 grain, liwiro mafiti 2,450 pa sekondi, mphamvu 1,000 ft-lb (muyeso wa mphamvu ya chipolopolo). Pa agwape a red, sika ndi fallow liwiro ndi lomwelo, mphamvu 1,750 ft-lb, ndipo kulemera anakutsitsa kuchoka pa 100 kufika pa 80 grain kumapeto kwa 2023. Mukawoloka kupita ku England ndi Wales malamulo ndi ena, kaliba isachepere .240 ndi mphamvu 1,700 ft-lb, kupatula pa tiagwape ta muntjac ndi Chinese water deer pomwe .22 centrefire, monga .222 kapena .223, imaloledwa. Anthu ena kuno amapha roe ndi .222 kapena .223 mwalamulo, koma mfuti yomweyo pa roe wa ku Northumberland, ku England, ndi mlandu. Konsekonse mutu uyenera kukhala wa mtundu wotambasuka ukalowa m'thupi. Woyesera pa pepala ayi.

Anatsitsa kufika pa 80 chifukwa cha mitu ya kopa imene ikulowa m'malo mwa ya mtovu, ndipo apa ndi pamene .243 yakale imavutira. Ogula nyama ambiri safunanso gwape wophedwa ndi mtovu, ndipo boma la UK linalengeza mu 2025 kuti zipolopolo za mtovu za makaliba ophera agwape zidzaletsedwa. Kopa ndi wopepuka kuposa mtovu, ndiye mutu wa kopa wa 100 grain umakhala wautali kwambiri, ndipo mipope yambiri yakale ya .243, imene mizere yake imazungulira kamodzi pa mainchi 10, imalephera kuuzunguza mokwanira kuti uwuluke mowongoka. Mumatsala ndi 80 kapena 85 grain, ndipo ngati mpope unadulidwa kuti aikepo moderator liwiro limatsika, mphamvu n'kumayandikira malire a lamulo. Ndi .308 nkhawa imeneyo palibe, kopa wa 130 kapena 150 grain amauluka bwino.

Komabe ndinene zoona, .243 payokha sinandilakwire. Stalker yemwe uja, ngakhale amanyamula .270, amati anzake ambiri m'mapiri muno agwetsa ma hind zaka ndi zaka ndi .243 ya 100 grain soft point, ya nsonga yofewa, popanda vuto, ndipo tsiku lija akuti chikanakhala chipolopolo cholembedwa pabokosi chija hind akanagwa mkati mwa mamita 50. Ngati phewa lanu limaopa kukankhidwa mpaka mumatsinzina musanawombe, .243 imene mumaiwombera mwamtendere ikuphererani bwino kuposa .308 imene mukuiopa. 6.5 Creedmoor imene achinyamata akuitama, ya mu 2007, ilinso bwino, ili pakati pa ziwirizi, chimodzimodzi 6.5x55 imene ku Sweden amaphera ngakhale moose, gwape wamkulu kuposa onse. .270 ya mu 1925 ndiye ya makolo a kuno, yaphokoso koma yowongoka patali. Zonsezi zimapha. Koma inuyo tengani .308. Ngati pa setifiketi analemba kale .243, pemphani variation, kuti apolisi asinthe kaliba pa setifiketiyo, musanagule, musalole kuti pepala likusankhireni mfuti.

Za kugula yakale, ndikanakonda kunena kuti musayerekeze, koma mitengo ya zatsopano tonse tikuidziwa, ndipo yanga ya .308 ndi yakale, ndinaigula kwa dealer wolembetsedwa. Ngati mukufunabe ya munthuyo, muuzeni mukumane kwa gunsmith ayang'ane mumpope inu muli pomwepo. Akakana, mwamudziwa. Zipolopolo gulani kusitolo, bokosi lomata, mtundu umodzi, ndipo zimene mwayesera pa pepala zikhale zomwezo zopita nazo kuphiri. Zopanga munthu kunyumba kwake, kaya ndi mnzanu wa kutchalitchi, kaya ndi mlamu wanu, musaike mu mfuti yanu.

Ndipo musathamangire. Lamulo limalola kubwereka mfuti ya pa estate mwini wake kapena stalker ali pambali panu, ndiye pitani kangapo muwombere .243 ndi .308 zonse musanatulutse ndalama. Chitani DSC1, maphunziro oyambira a osaka agwape, ngati simunachite, amaphunzitsa kuwerenga magazi ndi ubweya pamalo owombera. Paphewa penipeni musalunjikepo poyamba, lunjikani kuseri kwa mwendo pang'ono, m'mapapo, ngakhale ine masiku ano ndi .308 ndimamenya paphewa pomwepo kuti isathamange. Mukangowomba lowetsani china nthawi yomweyo, diso lisachoke pa nyama. Musawombe kukatsala mphindi zochepa kuti kude, ndipo musakwere phiri musanadziwe kuti galu wotsata magazi mukamupeza kwa ndani.

Nyengo ya ma hind imatsegula pa 21 Okutobala mpaka 15 Febuluwale, nthawi ilipo. Jambulani bokosi limene akufuna kukupatsanilo, kunja ndi m'kati, chipolopolo chimodzi muchiimike pambali pake, muike muno tione tonse musanamuyankhe.