Yambani ndi chapafupi, TFP ibwere pambuyo

Achemwali, mwafunsa kuti pa kafukufuku wanu wa ku Chanco mungayeze bwanji ngati ntchito ya Amalawi ikubala zochuluka kuposa kale, pomwe chuma chikutsamira ku nzeru ndi makompyuta. Ine ndinganene kuti musathamangire TFP (total factor productivity), muyeso wa luso limene antchito ndi makina pamodzi amabalira chuma. Tengani kaye GDP, mtengo wa katundu ndi ntchito zonse zimene dziko lapanga pa chaka, muigawe ndi chiwerengero cha ogwira ntchito, gawo lililonse palokha: ulimi, mafakitale, za mabanki ndi mafoni.

Mwayi wanu ndi wakuti likulu la NSO, ofesi ya boma yoona za ziwerengero, lili mom'muno mu Zomba. Kwerani kabaza mukapemphe ziwerengero za GDP ndi za IHS5, kafukufuku wa m'mabanja wa 2019/2020. Koma muchenjere, chaka choyambira kuwerengera GDP chinasinthidwa kuchoka ku 2010 kupita ku 2017. Mukangolumikiza ziwerengero zakale ndi zatsopano, mupeza chitukuko chobadwira papepala. Mugwiritsenso ntchito mitengo ya chaka chimodzi chokhazikika. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, manambala anafufuma koma matumba a chimanga sanachuluke.

TFP ija ndi zotsalira basi. Njira yake inatchuka ndi katswiri wa zachuma Robert Solow mu 1957: pa kukula kwa chuma mumachotsa zimene zabwera chifukwa chowonjezera antchito ndi makina, zotsalazo n'kuzitcha luso. Kwathu kuno m'zotsalazo mumakhala mvula. Namondwe Freddy atakokolola minda mu 2023, kodi alimi anaiwala kulima? Chaka cha mvula yabwino nambala ikakwera, wina ayamba kuyamikira intaneti. Ndiye ulimi muuyeze pawokha, ndipo muyerekeze zaka zisanu zisanu, osati chaka ndi chaka.

Chimene chimandivuta kwambiri n'chakuti nzeru zambiri sizioneka m'mabuku a ziwerengero. Taonani mayi wa matemba mu msika wa Zomba. Amaimba foni ku doko la Kachulu, ku nyanja ya Chilwa, kufunsa mtengo, n'kulipira pa Mpamba kapena Airtel Money, katundu n'kumupeza ali pabenchi pake akugulitsa. Tsiku lonse lomwe akanathera panjira lapulumuka, koma palibe kalaliki analilemba. Ndikanakhala inu ndikanapatula mutu umodzi wa zimenezi: mufunse ochita malonda angapo kuti katundu yemweyo ankawatengera maola angati kale, nanga pano angati.

Zofananitsa ndi mayiko ena muzipeza mu Penn World Table, nkhokwe ya ziwerengero za chuma cha mayiko, ndi yaulere pa intaneti. Mutu woyamba ukatha munditumizire ndiuone musanapite nawo kwa aphunzitsi.