Pomwe panali mgodi pabiriwira, kodi ng'ombe zingalowe?

Achimwene funso lanu ndaliona, mukuti pamalo pomwe ankakumba malasha kampani yakwirira maenje nkufesa udzu, pano pabiriwira ndiye mukufuna kudziwa ngati ng'ombe zingayambe kudya pamenepo komanso ngati nyama zakutchire zingabwerere. Zimatheka ndithu, koma kubiriwirako kusakupusitseni, ndipo amene ayankha kuti ingothirani feteleza basiwo ine sindikugwirizana nawo.

Nkhani yonse ili pansi. Kadothi kakuda kapamwamba kaja ndi momwe mumakhala njere za udzu wachilengedwe, nyongolotsi, chiswe ndi tamoyo tosaoneka ndi maso, kuphatikizapo mafangayi amene amakangamira kumizu nkumathandiza udzu kuyamwa chakudya ndi madzi. Akamatsegula mgodi amalikokola dothilo nkuliunjika pambali, ndiye likakhala zaka pamulu mkatimo simulowa mpweya, zamoyo zambiri zimafera momwemo. Nchifukwa chake odziwa ntchito amatenga dothi pomwe akuyamba kukumba nkukaliyala nthawi yomweyo pomwe amaliza. Afunseni a kampaniwo kuti lanulo linakhala nthawi yaitali bwanji pamulu, nanga analiyala lochindikala bwanji.

Kulinso kulimba. Mabuludoza ndi zimagalimoto zolemera zija zimatsendera nthaka mpaka kukhala ngati simenti. Mvula ikagwa tengani chitsulo chosongoka mubaye pansi malo angapo, chikakanira pafupi dziwani kuti mizu nayo ikukanira pomwepo, mukazula phata limodzi muona mizu yayenda cham'mbali m'malo molowa pansi, udzu wotere dzuwa likangowomba milungu iwiri wafota kale. Pamenepo pamafunika thirakita ya mano aatali ing'ambe nthaka mopingasa chitsetse, dothi lili louma, apo ayi madzi azingothamanga nkumakumba zigwembe.

Chimene chimandiopsa kwambiri ine ndi asidi. M'miyala ya kumigodi ya malasha ndi golide nthawi zambiri mumakhala pyrite, mwala wina wonyezimira ngati golide, ikakumana ndi mpweya ndi madzi imatulutsa asidi, ndipo asidiyo amasungunula zitsulo zapoizoni zomwe zinali m'miyalamo, mtovu, cadmium ndi zina kutengera mgodi wake. Mukaona madzi ofiira dzimbiri m'tingalande, kapena zipazi zomwe olo udzu umodzi sukumera, chizindikiro nchomwecho. Laimu amathandiza koma asidi amatha kubwereranso pyrite ikadalipo pansi. Ndiye musanalowetse chiweto olo chimodzi tumizani masampulo kulabu, dothi, madzi ndi udzu womwe, chifukwa ng'ombe ikamadya msipu waufupi imamezera limodzi ndi dothi, poizoniyo nkumaunjikana m'chiwindi ndi mu impso mwakachetechete. Ku Kabwe ku Zambia mgodi wa mtovu unatsekedwa mu 1994 koma mpaka lero dothi lake likudwalitsabe anthu, zitsulozi siziola ayi.

Za udzuwo. Makampani amakonda mitundu yomera msanga ngati Rhodes ndi kapinga, mmene amachitira kumigodi ya malasha ya ku Mpumalanga ku South Africa, ndipo sindikuwanena, dothi lamaliseche limafunika kuliphimba changu. Koma umenewo ndi munda wa udzu, si tchire. Udzu weniweni wa kumeneko ngati Themeda triandra umabwerera movutikira kwambiri, ndipo tizitsamba tamaluwa tokhala ndi zikhawo pansi tija tina sitibwerera nkomwe patokha. Njira yomwe ndimaikhulupirira ndi kumweta udzu patchire lapafupi lomwe silinalimidwepo, njere zitakhwima, nkukauyala pamalopo, umabwera ndi njere za mitundumitundu komanso umasunga chinyontho. Feteleza wa nayitrojeni akachuluka amangonenepetsa udzu wofesawo ndi zomera zachilendo, wachilengedwe uja nkuponderezedwa, bola manyowa pang'ono ndi zomera za mtundu wa nyemba.

Ziweto musazifulumizitse. Ine ndingati padutse dzinja ziwiri kapena zitatu, udzu ubereke njere nkuzigwetsa, ndipo mukaukoka ndi dzanja uziduka masamba osati kuzuka ndi mizu yomwe. Zikalowa zilowe zochepa, masiku ochepa, kenako muzisamutse malowo apume, fensi ndi yofunika apa. Zikayendetsedwa bwino ng'ombe zimathandizanso eti, ziboda zimaswa chikhakha chapamwamba, ndowe zimabweretsa njere ndi chonde. Ku America lamulo la migodi ya malasha la 1977 limati kampani isabwezeredwe chikole chake chonse mpaka padutse zaka 5 kumadera a mvula yambiri, kapena 10 kouma, zomera zikuoneka kuti zagwiradi, ndiye muone kuti changu palibe.

Nyama zakutchire zimabwera zokha malo akakhala bwino, amayamba ndi ziwala ndi mbalame, kenako mbewa ndi akalulu, zowadya nkumatsatira. Zazikulu nthawi zina zimachita kubweretsedwa, ku Kentucky kuyambira 1997 anatulutsa nyama zotchedwa elk pamalo omwe kale anali migodi ya malasha ndipo zinaswana bwino. Musasalaze paliponse, siyani milu ya miyala, tizitsamba apa ndi apo, kanjira kolumikiza malowo ndi tchire lina, ndi dziwe la madzi amene mwawayeza. Zotsatira za kulabu zikatuluka mutiuze muno makamaka pH (muyezo wa asidi m'dothi) ndi zitsulo zija, tione ngati muyambire laimu kapena kung'amba nthaka.