Funsani Tikuyankheni: Mphotho ya MVP mu baseball ya ku America

Funso: A Mkonzi, achimwene anga amene ali ku America sakamba china koma Shohei Ohtani ndi mphotho yake ya MVP. Kodi mphothoyi inayamba bwanji? (Wowerenga wa ku Zomba)

Yankho: Zikomo pofunsa. MVP ndi mphotho ya wosewera amene timu yake yapindula naye kwambiri m'chakacho, ndipo zimakhalapo ziwiri: ya National League ndi ya American League, maligi awiri akuluakulu a baseball ku America. Gwero lake ndi mkangano wa galimoto.

Mu 1910, Hugh Chalmers, mwini kampani yopanga magalimoto ku Detroit, analonjeza galimoto kwa wosewera amene aposa onse pa chiwerengero cha kumenya mpira. Mpikisano unatsalira Ty Cobb wa Detroit Tigers ndi Nap Lajoie wa Cleveland. Tsiku lomaliza, pa 9 Okutobala, Cleveland inali ndi masewero awiri ndi St. Louis Browns. Kochi wa Browns, Jack O'Connor, anauza mnyamata wake wolondera base yachitatu (base ndi malo amene womenya mpira amathamangirako), Red Corriden, kuti aziima kumbuyo kwambiri. Lajoie ataona danga, sanavutikenso n'kumenya mwamphamvu. Ankangogunditsa mpira pandodo kuti ugubuduke pang'ono kulowera kopanda munthuko, iye liwiro la ku base yoyamba. Tsiku limodzi lokhalo anapeza ma hit 8, ndiko kuti kasanu n'katatu anamenya mpira n'kufika pa base asanatulutsidwe. Nkhani itavuta, mkulu wa American League, Ban Johnson, anagamula kuti wopambana ndi Cobb, Chalmers anapereka galimoto kwa onse awiri, ndipo O'Connor ntchito inamuthera pomwepo.

Zitaoneka kuti chiwerengero chokha anthu angathe kuchiphika, mu 1911 anapereka udindo wosankha kwa atolankhani a zamasewero. Oyamba kulandira anali Cobb yemweyo ndi Frank Schulte wa Chicago Cubs. Mphotho ya Chalmers inatha mu 1914. American League inayambitsa yakeyake mu 1922 mpaka 1928, National League nayo kuyambira 1924 mpaka 1929, ndipo iyi inkapereka madola 1,000. Imene tikuidziwa lero inayamba mu 1931, pamene bungwe la atolankhani la Baseball Writers' Association of America linatenga ntchitoyi. Lefty Grove ndi Frankie Frisch ndiwo anatsegulira njira.

Funso: Kodi amavota ndani, ndipo amawerengera bwanji? (Wowerenga wa ku Chipata)

Yankho: Amavota atolankhani awiri oimira mzinda wa timu iliyonse. Poti ligi iliyonse ili ndi matimu 15, ovota amakhala 30. Aliyense amalemba mayina 10 motsatana. Dzina loyamba limalandira mapointi 14, lachiwiri 9, lachitatu 8, kumatsika choncho mpaka lomaliza limene limapeza pointi imodzi. Wosewera amene ovota onse amuika pamwamba amapeza mapointi 420. Mavoti amatumizidwa masewero a ligi akangotha, ndime ya chipulula isanayambe, ngakhale zotsatira amalengeza mu Novembala. Choncho zimene munthu wachita mu World Series, ndime yomaliza yolimbirana chikho, siziwerengedwa m'pang'ono pomwe. Mapointi akafanana palibe kubwereza: mu 1979 Keith Hernandez ndi Willie Stargell anapeza 216 aliyense ndipo onse analandira.

Funso: Ndinadabwa kumva kuti Babe Ruth anailandira kamodzi kokha. Kodi wosewera bwino kuposa onse sindiye amapambana? (Wowerenga wa ku Lilongwe)

Yankho: Mwagwira pachilonda penipeni. Za Ruth, vuto linali lamulo. Mphotho ya American League ya nthawi imeneyo sinkalola munthu kulandira kawiri, ndiye atalandira mu 1923 khomo linatsekeka. Mu 1927 anamenya ma home run 60 (kumenya mpira koti womenyayo n'kuzungulira ma base onse ulendo umodzi), koma dzina lake silinkaloledwa n'komwe, ndipo mphotho inapita kwa mnzake wa mu New York Yankees, Lou Gehrig.

Lamulolo linachoka, koma panatsala vuto lina lalikulu. Malangizo a ovota amanena poyera kuti palibe tanthauzo limodzi la wosewera wofunika koposa, aliyense aone yekha. Ena amayang'ana luso la munthuyo, ena amafunsa kaye ngati timu yake inafika patali. Ndipo mtolankhani mmodzi akangosiya dzina papepala lake, zinthu zimatembenuka. Mu 1947 Ted Williams wa Boston Red Sox anatsogola ligi yonse pa chiwerengero cha kumenya, pa ma home run komanso pa kumenya kothandiza anzake kugoletsa, koma anagonja kwa Joe DiMaggio ndi mapointi 202 kwa 201. Wovota wina sanamulembe n'komwe pa mayina 10 aja. Akanangomuika pa nambala 10 akanafanana, pa nambala 9 akanapambana. Ife timaona kuti apa Williams analakwiridwa, ndipo sikanali koyamba, chifukwa mu 1942 anatsogolanso pa zitatu zomwezo mphotho n'kupita kwa Joe Gordon.

Oponya mpira ndiwo amavutika kwambiri. Chiyambireni mphotho yawo ya Cy Young mu 1956, ovota ena amati iwo ali kale ndi yawo, ngakhale malangizo amanena kuti nawonso ndi oyenera. Mu 1999 Pedro Martínez anapambana masewero 23, kugonja 4 okha, n'kutulutsa omenya 313. Anapeza mavoti a nambala wani ochuluka kuposa wina aliyense, koma atolankhani awiri anamusiya kunja, Iván Rodríguez n'kutenga mphotho. Komabe woponya angathe kupambana, monga anachitira Justin Verlander mu 2011 ndi Clayton Kershaw mu 2014. Ngakhale wa timu yakumchira angathe: Andre Dawson analandira mu 1987 pamene Cubs inali yomaliza m'gulu lake.

Funso: Ndani anailandira kambiri, ndipo munthu wakuda woyamba anali ndani? (Wowerenga wa ku Johannesburg)

Yankho: Barry Bonds ali nazo 7: mu 1990, 1992, 1993, kenako zaka zinayi zotsatizana kuyambira 2001 mpaka 2004, ngakhale kuti mbiri ya zaka zomalizazo inadetsedwa ndi nkhani za mankhwala owonjezera mphamvu. Wakuda woyamba anali Jackie Robinson wa Brooklyn Dodgers mu 1949, patangopita zaka ziwiri chilowereni m'ligi imene kwa nthawi yaitali inkakana anthu akuda. Ku American League kunachedwa mpaka 1963, pamene analandira Elston Howard. Kuyambira 1944 mphothoyi inkadziwika ndi dzina la Kenesaw Mountain Landis, komishonala amene tsankholo linapitirira mu ulamuliro wake, koma mu 2020 atolankhani anavota kuti dzinalo lichotsedwe. Frank Robinson ndiye anayamba kupambana m'maligi onse awiri, mu 1961 ndi Cincinnati Reds ndi mu 1966 ndi Baltimore Orioles. Wachiwiri ndi Ohtani, amene analandira mu 2021 ndi 2023 ali ku Angels, n'kudzalandiranso mu 2024 atasamukira ku Dodgers, ulendo uliwonse ovota onse 30 atamuika pamwamba.