Shisha ya Loweruka lokha: kodi n'zoona mungaisiye mukangofuna?

Achimwene, mwafunsa ngati pali chodetsa nkhawa popeza shisha, fodya wonunkhira uja wosutira m'paipi yolumikizidwa ku botolo la madzi, mumasuta Loweruka lokha, ndipo mukuti mungaisiye tsiku lililonse mutafuna. Inenso ndinkanena zomwezo kwa zaka ziwiri.

Chimatipusitsa ndi kafungo ka apulo kaja ndi madzi obwadamuka m'botolo. Timaganiza kuti madziwo akutsuka utsi, koma amangouziziritsa basi, chikonga chimadutsa bwinobwino. Makala a pamwamba aja nawonso amatulutsa mpweya woipa wa carbon monoxide, n'chifukwa chake mutu umalemera mukamabwerera kunyumba. Mu 2005 bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO linachenjeza kuti pa ulendo umodzi wosuta shisha munthu angathe kukoka utsi wochuluka ngati wa ndudu 100 kapena kuposerapo.

Kudziletsa muli kunyumba sikuvuta, chida chake kulibe. Mayeso enieni ali pa Loweruka usiku, nyimbo zikulira, mnzanu atakutambasulirani paipi n'kumati "kamodzi kokha". Ine ndinagwa katatu pamenepo. Zinatheka nditayamba kukhala patebulo lina, Fanta m'manja, anzanga akundiseka kuti ndasanduka m'busa.

Yesani masabata anayi otsatizana osagwira paipi, kenako mudzatiuze mmene zayendera.