Za solar yopindika ija ndi "acceptor" wake

Wina wanditumizira imelo, akuti anaona pa YouTube solar yopyapyala yopindika ngati pepala la pulasitiki, ndiye akufunsa kuti acceptor amene amangomutchula uja ndi chani, nanga bwanji m'mashopu mulibe. Achimwene kokani mpando.

Mu solar imeneyi mulibe silicon ngati mu solar wamba zija. Muli mankhwala awiri a kaboni osakaniza, wina wopereka ma elekitironi (tinthu tating'onoting'ono tomwe tikamayenda ndiye magetsi), donor, wina wolandira, ndiye acceptor wanuyo. Dzuwa likawomba elekitironi imadzuka koma siithawa, imakhala ngati mbuzi yapachingwe, ndipo ikapanda kupeza wolandira pafupi, ma nanomita 10 kapena 20 basi (nanomita ndi milimita imodzi yogawidwa kamiliyoni), imabwerera pamalo pake mphamvu ija yangotayika.

Kuyambira 1995 wolandira anali PCBM, wochokera ku fullerene, kampira ka ma atomu 60 a kaboni. Kulandira kankalandira bwino, koma kuwala sikankamwa kwenikweni, ntchito yonse kusiyira donor, komanso mpira ungausinthe pati? Zinthu zinakakamira cha m'ma 11 peresenti, kutanthauza gawo la mphamvu ya dzuwa lomwe limasanduka magetsi.

Mu 2015 gulu la Xiaowei Zhan ku Peking University linatulutsa ITIC, acceptor wosachokera ku fullerene, kenako 2019 la Yingping Zou ku Central South University ku Changsha linabwera ndi Y6, amene atamuphatikiza ndi donor wotchedwa PM6 anafika 15.7 peresenti. Apa ndi pomwe pamandikomera ine. Y6 ndi wopindika ngati nthochi ndipo amamusoka chigawo chigawo ngati telala, kumapeto kwake kuli fluorine wokoka ma elekitironi komanso wothandiza kuti mamolekyu asanjikizane bwino, m'mbali muli timichira ta kaboni tomuthandiza kusungunuka ngati inki kuti azitha kumupaka. Timichirato tikatalika kwambiri mamolekyu amatalikirana magetsi osadutsa, tikafupika amaundana zibuma. Mu 2021 anangosintha timichira tomweto kupanga L8-BO, 18 peresenti n'kudutsidwa. Ndipo Y6 naye amamwa kuwala, mpaka infrared yomwe maso athu saona, sakungodikira donor ngati kale.

Zamashopu zija, pano solar zimenezi zafika cha pa 20 peresenti koma ndi mu labu, pa tizidutswa tosaposa chikhadabo, ndipo kutentha ndi dzuwa lomwelo zimawononga msanganizo uja msanga. Ya silicon amaipatsa waranti ya zaka 25. Ngati mukufuna yochajira foni ndi kuyatsa babu kumudzi, gulani ya silicon kaye.