Gogomole akuboola matabwa a khoma: timate ndi chiyani?

Mayi wina wanditumizira imelo yodandaula. Nyumba yawo ndi yokutidwa ndi matabwa kunja, ndipo gogomole wakhala akujompha khoma la mbali imodzi, m'mwamba cha kufupi ndi denga. Akuti pali timabowo tambirimbiri tondondozana, komanso bowo limodzi lalikulu loti nkhonya ya mwana ikhoza kulowa. Adamatapo kale ndi phala lomatira matabwa, koma mbalameyo idabweranso n'kuboola pambali pomwepo. Funso lawo ndi lakuti, amate ndi chiyani choti gogomole alephere kuboola?

Mayi, zikomo polemba, ndipo pepani ndi vutoli. Ndiyambe ndi kukuuzani kuti chomatira cholimba pachokha sichingakuthandizeni. Mukalimbitsa pamenepo, iye angosuntha pang'ono n'kuyamba pena, monga mwaonera kale. Musanagule chilichonse, kwerani pamakwerero muyang'anitsitse mabowowo, chifukwa maonekedwe ake ndi amene amanena chimene mbalameyo ikufuna pakhoma lanu.

Nthawi zina gogomole amangogogoda mofulumira, ngati ng'oma, pofuna kuitana mnzake kapena kuchenjeza anzake kuti dera ili lili ndi mwini. Zimenezi zimachuluka nyengo yoswana ikamayamba, ndipo amasankha malo omveka kwambiri, ngakhale pachitsulo. Phokoso limakhala lalikulu koma kuonongeka n'kochepa, timikwingwirima chabe. Zanu si zimenezi. Timabowo tating'ono tondondozana tikusonyeza kuti akusaka chakudya, ndipo bowo lalikulu lozungulira bwino ndi la chisa kapena pogona.

Ndikhalitse pa timabowo tondondozanato, poti m'pamene pagona nkhani. Gogomole sataya mphamvu zake pathabwa lopanda kanthu kwa masiku ambiri. Kawirikawiri m'kati mumakhala mphutsi. Bemberezi amaboola kabowo kozungulira ka pafupifupi sentimita imodzi, kenako amakhota n'kukumba njira yotsata mitsempha ya thabwa, momwe amaikiramo mazira. Gogomole amatsata njira imeneyo kuchokera kunja, n'chifukwa chake mabowo ake amakhala pamzere. Pamakoma a pulayiwudi wokhala ndi ngalande zokongoletsera, ngalandezo zimatsegula timipata ta pakati pa zigawo za thabwa, tizilombo n'kumabisalamo, ndipo mizere ya mabowo imakhala yopingasa. Nyerere zikuluzikulu zokumba mitengo nazo zimakonda thabwa lonyowa. Choncho tengani sikuludiraiva mubaye mozungulira mabowowo. Thabwa labwino limakana, mumangosiya kachizindikiro. Loola limalowa mosavuta, ndipo mukatulutsa pamatsala ufa wakuda wonyowa kapena utuchi. Mukapeza zotere, yang'anani kumwamba: ngalande ya madzi a padenga yothontha, chitsulo cha pamwamba pa windo chosakhala bwino, penti wosweka. Madziwo ndiwo adayambitsa, tizilombo tidatsatira, gogomole wabwera pomaliza. Konzani kudonthako, thanani ndi tizilombo, ndiye kumata kukhala ndi phindu.

Bowo lalikululo musalitseke lero. Khalani kaye chapatali mmawa ndi madzulo muone ngati mbalame ikulowa ndi kutuluka, mumvetsere ngati muli kulira kwa anapiye, kenako muunikemo ndi tochi. Ngati muli mazira kapena ana, dikirani. Mazira a agogomole ambiri amaswa pakatha pafupifupi milungu iwiri, ndipo ana amauluka pakatha milungu ina itatu kapena inayi. Kutsekera ana m'khoma ndi nkhanza, ndipo fungo lake mudzalimva m'nyumba. M'maiko ambiri ndi mlandunso: ku United States lamulo la Migratory Bird Treaty Act la 1918 limaletsa kupha agogomole kapena kuononga chisa chokhala ndi mazira popanda chilolezo, ndipo ku Britain lamulo la Wildlife and Countryside Act la 1981 limateteza zisa zimene mbalame zikugwiritsa ntchito. Za msampha ndi poizoni musaziganizire n'komwe.

Tsopano kukonza kwenikweni. Sankhani masiku opanda mvula, thabwa likhale louma, chifukwa chomatira ndi penti sizigwira pa chinyezi.

Timabowo tosapitirira masentimita awiri kapena atatu n'tosavuta. Palani ndi tchizulo zonse zofewa ndi zoyoyoka mpaka mufike pathabwa lolimba, chotsani fumbi, ndipo mumate ndi epoxy wa matabwa, uja wobwera m'zitini ziwiri zosakaniza. Ndimamukonda chifukwa sanyala akauma, ndiponso amapirira mvula. Phala wamba la m'nyumba limanyala, limang'aluka m'mphepete, madzi n'kupeza polowera. Sakanizani pang'onopang'ono, wongokwanira mabowo angapo, poti akayamba kulimba sabwerera. Mukanikizireni mpaka pansi pa bowo, asasiye mphako, ndipo atumphuke pang'ono pamwamba. Akauma, kwechani ndi sandipepa mpaka chala chisamve malire a thabwa ndi chomatira. Ngati khoma lanu ndi la matabwa okhakhala, kandanipo timizere ndi bulashi ya waya asanaumitsitse, kuti chigamba chisaoneke chosalala pakati pa pokhakhala.

Bowo lalikulu silifuna phala, limafuna thabwa. Koma musanatseke, yang'anani kuseri. Pansi pa matabwa pamakhala chipepala kapena chinsalu choletsa madzi, ndipo gogomole wokumba chisa amachibowola n'kusolola zofunditsa za m'khoma, zimene zimateteza nyumba ku kuzizira ndi kutentha. Anthu ambiri amaiwala pamenepa, amakongoletsa kunja madzi akulowabe m'kati. Bwezeranimo zofunditsazo, ndipo pong'ambikapo ikanipo chigamba cha chipepala chomwecho, m'mphepete mwake mwa kumwamba mulowe pansi pa chakale kuti madzi otsika adutse pamwamba pake, kenako mumate ndi tepi yake. Mukatero, dulani bowolo likhale ndi m'mphepete mowongoka, lozungulira kapena la ngodya zinayi, ndipo museme chigamba cha mtengo wa mtundu womwewo, mitsempha yake iyang'ane komwe ya thabwa yayang'ana. Ikani kathabwa kuseri kochirikiza, pakani guluu wosalowa madzi, lowetsani chigambacho mothina, ndipo timipata totsala mutseke ndi epoxy.

Thovu lija lofufuma la m'chitini ena amalikonda chifukwa n'lachangu. Likhoza kudzaza mphako m'kati, koma lisakhale kunja. Dzuwa limalifumbutsa, ndipo kwa gogomole n'lofewa zedi.

Ngati thabwa limodzi lili ndi mabowo ambiri, kapena sikuludiraiva ikulowa paliponse, musavutike n'kumata, lichotseni lonse. Tukulani pang'ono thabwa la pamwamba pake, dulani kapena zulani misomali, solorani lowonongekalo. Latsopano mulipake andakoti mbali zonse, kumbuyo ndi kumapeto kodulako komwe, poti kumapeto n'kumene thabwa limamwera madzi kwambiri. Misomali ikhale yosachita dzimbiri, makamaka pa matabwa a cedar ndi redwood, amene amatulutsa mizere yakuda akakumana ndi chitsulo wamba. Ndipo m'munsi mwa matabwa osanjikizana musamatemo: mpata umenewo ndi potulukira chinyezi.

Pa penti pali mfundo imodzi yofunika kuidziwiratu. Epoxy samwa mankhwala osinthitsa mtundu wa thabwa, choncho ngati khoma lanu n'longopakidwa mankhwala oonetsa mitsempha, chigamba chilichonse chidzaonekera. Pamenepo chigamba cha mtengo kapena thabwa latsopano n'chabwino koposa. Ngati n'lapenti, pakani andakoti kenako penti kawiri. Nyumba ikakhala yakale, samalani pokwecha: penti wakale amatha kukhala ndi mtovu, ndipo ku United States adauletsa m'nyumba mu 1978. Muyezetseni kaye musanatulutse fumbi lake.

Tsiku lomwelo mwamaliza, ikani zomuingitsa, musadikire kuti abwere kaye. Akatswiri a ku Cornell Lab of Ornithology, malo ofufuza za mbalame ku United States, adayesa njira zisanu ndi imodzi pa nyumba zovutitsidwa ndi agogomole, kuphatikizapo akadzidzi apulasitiki, maso apulasitiki oopseza mbalame, ndi zokuzira mawu zoliza kulira kwa mbalame. Imene inkathandiza mosalekeza inali imodzi yokha, timaliboni tonyezimira tolendewera. Kadzidzi wosayenda mbalame imamuzolowera msanga. Maliboniwo mupachike pamwamba penipeni pa malo okonzedwawo, atalike ndithu, azigwedezeka ndi mphepo.

Koma kwa inu, Mayi, popeza wabwerera kale kamodzi, ine ndingasankhe ukonde. Upezeni wa maso a masentimita awiri kapena kucheperapo, muumangirire kumapeto kwa denga, utsike motalikirana ndi khoma masentimita osachepera asanu ndi atatu kuti mlomo usafike pathabwa. M'mbali ndi pansi mutseke bwino kuti mbalame isalowe kuseri n'kukodwa, ndipo muziuyendera kawirikawiri. Ngati chimene amafuna ndi pogona, mukhoza kumupachikira bokosi la chisa pamtengo wapafupi, mutadzazamo zopalapala za matabwa kuti azikumba yekha.

Malo mwatchulawo ndi okwera. Phazi la makwerero litalikirane ndi khoma mita imodzi pa mamita anayi aliwonse okwera, ndipo wina akhale pansi akugwira. Ngati mutachotsa thabwa mwapeza kuti kuola kwafika pa mitengo yochirikiza khoma, kapena pali mawaya a magetsi pafupi, tsikani muitane kalipentala. Mukatha kubaya ndi sikuludiraiva kuja, mundilemberenso mundiuze zimene mwapeza, ndipo ngati n'kotheka mutumize chithunzi cha timabowoto muli ndi chala chanu pambali kuti ndione kukula kwake.